Imvi za Abiti Haruna

Fauziya anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale m'tauni ya Balaka. Loweruka masana ankapita kwa a Ambrose kukaphunzira kujambula ndi penti wosungunula ndi madzi. A Ambrose anali bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo ankaphunzitsira pakhonde pawo anthu ochepa achidwi, aliyense ndi kabulashi kake, mbale yosakanizira penti ndi chikho cha madzi.

Poyamba zithunzi za Fauziya zinkathobwa m'maso. Mitengo ankaipaka kubiriwira kwaukali monga momwe penti amachokera kusitolo, thambo n'kukhala ngati yunifolomu ya ana asukulu. A Ambrose ankamuuza kuti atuluke panja akaone ngati ku Balaka kuli mtengo wotero m'mwezi wa Okutobala. Anamuphunzitsa kufatsitsa mitundu. Wobiriwira umaudonthezera wofiira pang'ono kuti uzizire. Buluu ukakumana ndi wa khofi pamatuluka kutuwa kokhala ndi moyo. Anamuphunzitsanso kuti chakutali umayamba nacho, ndi madzi ambiri, chotumbuluka, ndipo pepala likauma ndiye umabwera ndi chapafupi, cholimba mtundu. Fauziya anali wopupuluma, ankapaka pepala lisanaume, zonse n'kusanduka matope. Koma pofika nyengo ya mvula dzanja lake linali litaphunzira kudikira.

Chaka chimenecho mvula inabwera ndi chimphepo, ndipo kwawo kwa Mposa nyumba ya amayi ake inagwa khoma limodzi ndi denga lomwe. Amayi akewo, Abiti Haruna, anali mlimi wa mpunga wodziwika, komanso mtsogoleri wa gulu la amayi a ku mzikiti. Pa maliro ndi pa ukwati, mawu awo ndiwo ankatsatidwa.

Fauziya atamva anakwera minibasi mpaka ku Liwonde, kenako njinga yamoto. Atafika anawapeza atakhala pamtondo wogubuduzika pafupi ndi khoma lakugwalo, atavala chitenje chakale chonyowa, kumutu kulibe mpango. Mipango yawo yonse inali pansi pa dothi. Fauziya anali asanaonepo kuti tsitsi la amayi ake layera chomwecho. Kumbuyo kwawo kunali minda yomira, ndipo patali phiri la Chikala linkaoneka mwa chizimezime m'nkhungu. Asanawapatse moni n'komwe, anatulutsa foni n'kuwajambula iwo osadziwa. Kenako ndi pamene anavula mpango wake wapaphewa n'kuwafunditsa.

Atabwerera ku Balaka anayamba kujambula chithunzicho papepala, akuyang'ana pafoni paja. Phiri analipaka ndi madzi otuwa ongoti mbee. Minda anaibweretsa pafupi pang'ono, kenako khoma, ndi kufiira kwa njerwa kozimitsidwa ndi buluu. Chimene chinamuvuta ndi imvi. Anasakaniza n'kutaya, kusakanizanso n'kutaya, mpaka anazindikira kuti m'malo mwina afunika kungosiya pepala loyera osaligunda, mthunzi wokha ndiwo aupake. A Ambrose atachiona ananena kuti tsopano wayamba kujambula.

Mvula itatha, bungwe lina linakonza chionetsero cha zithunzi mu holo ina ya ku Balaka, chokumbukira anthu amene anavutika ndi madzi. Chithunzi cha Fauziya anachipachika pakhoma loyang'anizana ndi khomo. Mayi wina wa bungwelo, dzina lake Lena, anamufunsa ngati angalembe pansi pake kuti "Mayi wosowa pokhala, kwa Mposa". Fauziya anadodoma pang'ono, koma poona kuti chithunzi chake chapatsidwa malo abwino kuposa onse, anavomera. Sananene kuti mayiyo ndi amayi ake.

Chisangalalo chinamukulira, mwakuti anawaimbira foni amayi ake n'kuwauza kuti wawajambula ndipo chithunzi chawo chili mu holo ku Balaka, anthu akuchiyamikira. Sanaganize kuti angabwere, chifukwa inali nthawi yopirikitsa mbalame ku mpunga.

Tsiku lachiwiri la chionetserocho, dzuwa lili paliwombo, Fauziya anali ataima pafupi ndi chithunzi chake akufotokozera abambo ena a m'maofesi momwe anasakanizira kutuwa kwa tsitsilo. Atacheuka anaona amayi atatu pakhomo, atavala zitenje zofanana za gulu lawo ndi mipango yoyera yosita bwino. Anali amayi ake, pamodzi ndi anzawo awiri, Abiti Saidi ndi Abiti Jafali. Amayi ake anali atanyamula kathumba ka mpunga watsopano komubweretsera.

Anamupatsa salamu mosangalala, n'kufunsa kuti chithunzicho chili pati. Fauziya sanathe kuloza. Koma sipanafunike kuloza, chinali pamaso pawo.

Abiti Haruna anayandikira pang'onopang'ono. Anadziona atakhala pamtondo, mapewa atagwa, mutu uli pamtetete, abambo achilendo akuuyang'ana. Dzanja lawo linapita lokha ku mpango wawo n'kuukokera pamphumi. Abiti Jafali, amene ankadziwa kuwerenga, anawerenga mawu a pansi paja chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka, ndipo atafunsidwa kuti palembedwa chiyani anangoti ndi dzina la mudzi. Mmodzi wa abambo aja anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana amayiwo, n'kuyang'ananso chithunzi, kenako anachoka mwakachetechete.

“Unandijambula liti?” anafunsa Abiti Haruna motsitsa mawu.

“Tsiku lija ndinabwera, amama.”

“Usanandifunditse?”

Fauziya anaweramitsa nkhope. Akanakonda amayi ake akanamukalipira pomwepo, anthu onse akumva. Koma iwo anangomupatsa kathumba ka mpunga kaja, n'kunena kuti afulumire kukwera kuti mdima usawapeze panjira. Anawaperekeza mpaka ku depoti. Njira yonse amayi atatuwo ankakambirana m'Chiyao za mbalame ndi za mwana wa mnzawo amene ankadwala, ngati kuti iye palibe.

Atabwerera mu holo anachotsa chithunzicho. Lena anadabwa, n'kumuuza kuti anthu ambiri achikonda, ena mpaka achijambula pa mafoni awo. Mawu amenewo anamulasa kuposa onse, chifukwa zimene zinali m'mafoni a anthu sakanatha kuzitsitsa pakhoma.

Kunyumba anayesa kukonza. Anasakaniza buluu wozama n'kupaka mpango pamutu pa amayi ake. Koma penti wa madzi saphimba chimene chili pansi pake. Utauma, imvi zija zinkaonekerabe ngati zili kuseri kwa nsalu yopyapyala. Anapakanso, pepala linayamba kunyotsoka, nkhope n'kudetsedwa. Anapita nacho kwa a Ambrose n'kuwafotokozera zonse. Iwo anavula magalasi n'kunena kuti nawonso anali ndi mlandu, chifukwa anayang'ana mitundu yokha osafunsa kuti mayiyo ndani komanso ngati anavomera. Za kukonza anati palibe chimene angachite.

Panapita milungu Fauziya osaimba foni kwa Mposa. Ankaitenga, n'kuiyikanso pansi. Ku khonde la a Ambrose anasiya kupita. Mpunga uja anauika pashelefu osauphika.

Sukulu zitatsekera anapita, chithunzi chili m'kati mwa makatoni awiri omanga ndi chingwe. Anawapeza amayi ake akupeta mpunga pakhomo pa nyumba yatsopano imene achimwene ake anali atamanga. Anagwada pambali pawo n'kupepesa. Anawauza kuti chithunzi cha pafoni anachifufuta, koma za m'mafoni a anthu ena sakudziwa. Anawauzanso mawu enieni amene analembedwa pansi paja, ndi kuti iye ndiye anavomereza. Amayi ake anati anawamva kale, Abiti Jafali anawauza ali m'minibasi.

Amayiwo anamasula chingwe n'kuchiyang'ana chithunzicho, ndi mpango wabuluu wothimbirirawo. Sananene kuti n'chabwino kapena choipa. Analowa nacho m'nyumba, ndipo Fauziya anamva bokosi lachitsulo likutseguka n'kutsekedwa.

Potuluka anamuuza kuti nkhaniyo inafika m'mudzi iwo asanafike, ndipo ku mzikiti amayi ena ankanong'onezana kuti mwana wa Abiti Haruna wayalutsa make m'tauni. Amene ankawatseka pakamwa anali Abiti Saidi, ngakhale kuti nawonso anapwetekedwa mtima.

“Ine ndine mayi ako, tilankhulana bwino,” anatero akutenganso lichero. “Koma anzanga aja anasiya minda yawo kuti adzasangalale nane. Pita ukawaone, uyambire kwa Abiti Saidi.”

Fauziya anakonza mpango wake n'kunyamuka. Njira ya kwa Abiti Saidi inkadutsa pamjigo, pamene amayi ambiri anali pamzere ndi ndowa zawo. Atamuona akubwera, macheza anazilala. Koma iye sanapatuke. Anaima n'kuwapatsa moni mmodzimmodzi, iwo n'kumuyankha, ena momasuka, ena akuyang'ana kumbali. Kenako anapitirira, ndipo atafika pampanda wa Abiti Saidi anaodira.