Ubatizo wa M'botolo

"Mtundu wathu sunagwepo ndi mowa!" anatero a Goliati pamsika wa Migowi, akumenya thumba lawo la nandolo. "Agogo anachoka ku Mozambiki wapansi, mowa wa otheka uli tho m'mimba, osapunthwa. Ndiye mwana wanga akaope kabotolo ka ku yunivesite?"

Mtima wa akazi awo, a Belita, sunali m'malo. Mwana wawo Ufulu ankanyamuka Lolemba kupita ku yunivesiteko, ndipo mayiwo anali atamva kuti ophunzira akale amabatiza atsopano. Poyamba a Belita anangodabwa: "Kodi sitinakubatize kale ku Mkhumba?" Ufulu atafotokoza kuti ubatizo wake ndi botolo la kachasu, kumwa osapumira anzako akukuimbira, mayiwo anasiya tomato padzuwa n'kukaitana a Hilda, namwino woyandikana nawo nyumba.

"Bambo, mowa wambiri nthawi imodzi ndi poizoni," anatero a Hilda. "Munthu amakomoka n'kutsamwa ndi masanzi, anzake akuti wagona. Makolo mukalankhula, akuluakulu a sukulu akhoza kuletsa mwambo umenewu. Iwe Ufulu, ukakane. Akakukakamiza, ukanene kwa oyang'anira ophunzira."

"Koma akandiseka, anesi."

"Aseke. Wosekedwa amabwerera kwawo atakhala pampando wa minibasi, osati m'bokosi."

Ufulu anayang'ana mayi ake, omwe ankangofinya nsonga ya chitenje. "Ndikakana, amayi. Musadandaule."

"Demokalase yatiwonongera ana!" anakuwa a Goliati. "Makina, bwera nalo botolo, ndimuonetse mnyamatayu silabasi yake."

Makina, wogulitsa kachasu kuseri kwa magolosale, sachedwa pa nkhani zotere. "Bambo ake Ufulu, musatichititse manyazi," anachonderera a Belita, koma botolo linali kale kukamwa. A Hilda asanalilande, theka linali litatsika. A Goliati anatsokomola, misozi ili mbwee, n'kuyamba kulalikira za mphamvu za makolo awo. Posakhalitsa lilime linalemera. Anapatsa moni mtengo wa magetsi, anaufunsa za kunyumba, kenaka miyendo inakana, n'kugwera chagada m'dengu la tomato wa akazi awo.

"Agonekeni cham'mbali asatsamwe, wina abwere ndi wilibala!" anatero a Hilda atagwada. "Mwaona nonse? Mwambo woika moyo pachiswe ndi wofunika kuuletsa. Apatu ndi theka chabe la botolo."