Pampu ndi Lampu

Yvonne anatsika pa njinga yamoto n'kupeza madzi akuyenderera mpaka pageti. Thanki ya kuseri kwa nyumba inali kusefukira, pampu ikulirabe. Koma mtima wake unathamangira kukhola la anapiye. Atatsegula chitseko anakumana ndi kuzizira kwa mu Juni. Lampu yowothetsa anapiye inali yozima. Anapiye a masiku anayi aja anali ataunjikana pakona, ndipo apansi sankagwedezeka.

Anayatsa lampuyo ndi dzanja, n'kutolera akufawo m'beseni. Anapitirira makumi atatu.

Bambo ake, a Vitalis Lungu, anali pabalaza atafunda bulangete, ndodo ili pambali. Anali mphunzitsi wopuma, ndipo maondo atayamba kuwavuta Yvonne anakawatenga kumudzi ku Kaumbwe kuti azikhala naye ku Petauke. Chifukwa cha maondo omwewo, mwamuna wake Josphat anagula kasipika komvera mawu a munthu m'Chingerezi. Anakalumikiza ku pampu ndi ku lampu ya anapiye kuti mkuluyo azingolamula ali pampando. Tsikulo Yvonne analawirira ku Nyimba kukaona mnzake wodwala, n'kuwasiyira ntchito imodzi yokha: thanki ikadzaza, azimitse pampu.

"Atata, mwachita chiyani?" anafunsa, n'kuika beseni pamapazi awo.

A Lungu anawerama, nayang'ana nthawi yaitali. "Ndinakauza kazimitse pampu. Kanavomela."

"Nanga iyo ikulila kunjayo n'chiyani?"

Mkuluyo anatchera khutu. Wailesi yawo inali italankhula mmawa wonse, mazenera ali otseka.

Yvonne atamuimbira foni, Josphat anabwera kuchokera kushopu yake. Anatsegula foni n'kuwaonetsa zimene kasipika kanalemba. Nthawi ya seveni koloko kanalandira lamulo lozimitsa lampu.

"Bambo, foni siinama," anatero mwaulemu. "Kapena lilime linangotelela."

"Ine ndaphunzitsa ana Chizungu zaka makumi atatu. Pampu ndi lampu ndingazisokoneze lelo?"

"Atata, vomelani chabe," Yvonne anawadula. "Mutu wanu wayamba kutaya zinthu. Dzulo munasakila magalasi ali pamphuno. Sindingakusiyileninso kanthu, muli ngati mwana."

A Lungu anagwira ndodo, nadzuka pang'onopang'ono. Josphat anatambasula dzanja kuti awathandize koma anakana.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya," anatero, nalowa kuchipinda kwawo.

Pampu inali ikulirabe. Yvonne anatembenukira kasipika kaja pashelefu n'kukakalipira m'Chingerezi kuti kazimitse pampu. Kanayankha ndi mawu ake ofatsa aja kuti katero. Anadikira. Kunja madzi anapitiriza kukhuthuka.

Josphat anayang'ana pafoni, nkhope n'kusintha. "Amake Karen, kazimitsa lampu," anauza mkazi wake.

Yvonne anathamangira kukhola. Lampu inali itazimadi. Anaiyatsanso, n'kukathimitsa pampu pa switchi yake. Atabwerera anapeza mwamuna wake ataima pafupi ndi shelefu, akuyesa yekha. Anatchula pampu kanayi. Kasipika kanamva bwino kamodzi kokha.

"Maina awa ndinalemba ndine," anatero Josphat motsitsa mawu. "Tikamatchula ife, kwa iko n'chimodzimodzi."

"Simunakayese?"

"Ndinayesa pa foni, ndi chala."

Yvonne anakagogoda kuchipinda cha bambo ake, nagwada pakhomo. Chikwama chawo chinali pabedi, malaya atapindidwa kale, mankhwala a maondo ali pamwamba.

"Atata, mwalondola ndinu. Nane kandichita zomwezo. Ndikhululukileni."

"Ndamva. Khoma ili n'lopyapyala."

"Ndiye chotsani zovala m'chikwama. Atate ake Karen akusintha maina. Pampu ikhala madzi, lampu ikhala nkhuku, m'Chizungu momwemo. Sikadzasokonezanso."

A Lungu anakhala m'mphepete mwa bedi, akusisita bondo. "Kachitsulo kaja sindinakakwiyile, Yvonne. Kanabadwila kutali, sikadziwa pakamwa pathu. Koma iwe wamva mawu anga kuyambila uli kumsana. Foni itanena zake, ine n'kunena zanga, unasankha foni."

"Unali mkwiyo chabe, atata. Anapiye aja..."

"Mkwiyo sutola mawu panjila. Umatulutsa amene anali kale m'nyumba."

Madzulo Josphat anakumba dzenje kuseri kwa khola n'kukwirira anapiye. Kenako anabwera ndi foni kudzapempha apongozi ake kuti ayese maina atsopano. A Lungu anayesa. Madzi anayaka, madzi anazima, nkhuku chimodzimodzi. Kasipika sikanaphonye ngakhale kamodzi.

"Mwakonza bwino," anatero.

Loweruka mmawa mng'ono wa a Lungu, a Eustace, anabwera ndi galimoto yonyamula mtedza. Yvonne ananyamula yekha chikwama mpaka pageti, akuchedwa dala.

"Mubwela liti, atata?"

"Ndikaone kaye denga la nyumba yanga. Lakhala nthawi."

Anawakweza kutsogolo, n'kuwapatsira ndodo pazenera. Galimoto itakhota, Yvonne anaimabe pageti mpaka fumbi lonse litakhazikika.