Njerewere pa Mango a Mkamwini

"Taonani nokha, alamu, mungamati tikukusemerani chinyau," anatero Godwin, uku akukankhira tsamba la mango kumaso kwa Wyson.

Wyson anali atangotsika pa njinga yake ya kabaza, thukuta lili kamukamu. Analandira tsambalo ndi manja awiri. Linali ndi timatuza tolimba ngati njerewere, tina tobiriwira, tina titada kale. Silinali lachilendo kwa iye. Linachokera pa mango ake omezanitsa, amene anadzala kuseri kwa nyumba.

Mitengo imeneyo ndi imene inkamudanitsa ndi anthu. Wyson kwawo kunali ku Limbuli, ndipo kuno kufupi ndi Nkando anabwera pa chikamwini, atakwatira Lettie, mlongo wake wa Godwin. Mkamwini alime chimanga, alime chinangwa ndi nandolo, palibe amene angamunene. Koma kudzala mtengo pa nthaka ya eni? Kumeneko ndi kunena kuti pano sindidzachoka. Lettie ali moyo ankawatseka pakamwa onse. Koma Lettie anamwalira dzinja lathali, n'kumusiyira mwana mmodzi, Tamanda, wa sitandade folo. Chimene chinkamudya Wyson mumtima n'chakuti tsiku limene akuchikazi adzamusudzule, adzapita yekha. Kuno mwana ndi wa kwa mayi ake.

"Ndinaziona kale, alamu," anayankha modzichepetsa. "Masamba ena ndinapita nawo kwa alangizi a zaulimi pa Nkando. Akuti si matenda oopsa ayi."

Anatulutsa lezala m'chikwama cha zomatira matayala, n'kucheka katuza kamodzi pakati. Mkati munali kamphutsi koyera, kochepa kuposa njere ya therere.

"Ndi aka kakuchititsa. Pali kantchentche kena, kochepa kuposa udzudzu, kamaikira mazira pa masamba anthete. Tsamba limatupa, kamphutsi n'kumakulira momwemo. Akuti ndidulire nthambi zimene zagwidwa kwambiri, ndisese masamba ogwa pansi, ndiotche. Mtengo sufa."

"Ehe! Alamu athu asanduka adokotala a masamba," Godwin anaseka, osayang'ana n'komwe kamphutsiko.

Pomwepo anatulukira Stella, mkulu wake wa malemu Lettie, atanyamula nthambi yathunthu ya maboloma. Anaiponya pa mapazi a Wyson.

"Ndiye izi mutiuza kuti chiyani? Mango a makolo athu agwidwa nawonso. Zachokera ku timitengo tanu tachizunguto."

Bodza lake! Maboloma amenewo anali ndi njerewere kuyambira chaka chimene Wyson anafika pamudzipo, ndipo ankabereka mpaka nthambi kuthyoka. Kungoti panalibe amene ankayang'ana masamba, onse maso ankakhala pa zipatso. Wyson akanangokhala chete, koma choonadi chinamuyabwa pakhosi.

"Alamu, mitengo yaikuluyo inali nazo kalekale. Mwina ndi imene yapatsira yangayi."

"Mayo ine!" Stella anaomba m'manja. "Mwamva, achimwene? Akuti mitengo ya amayi athu ndi yodwala! Munthu wobwera ndi chikwama cha pulasitiki lero akutukwana manda athu. Inu bambo, chilichonse chimene mwachigwira chimatupa. Mng'ono wanga anatupa miyendo m'manja mwanu mpaka tinakamuika. Lero mwayamba mitengo."

Mawu amenewo anamulasa Wyson. Ndi iye amene ankamunyamula Lettie pa njinga kupita naye kuchipatala, ndi iye amene ankamusambitsa pamene Stella ankati fungo likumudwalitsa mutu.

Godwin anamugwira paphewa, mawu ake atafewa ngati a munthu wachifundo.

"Alamu, nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Inu nomwe mwanena kuti mankhwala ake n'kudula ndi kuotcha. Ndiye dulani yonse, tione kuti ndinu munthu womva. Mukufuna tizikhala bwino pano, si choncho? Mukufuna Tamanda azikula akukuonani?"

"N'zimene ndikufuna, alamu."

"Basitu. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

Madzulo ake Wyson anazungulira mitengo ija ali yekha. Inali itachita maluwa ochuluka kwa nthawi yoyamba, njuchi zili ng'waa. Anakumbukira mmene ankatungira madzi kudambo m'chilimwe, zigubu zili mbali ndi mbali pa njinga, kuti mbande zisafe. Zinamupweteka kwambiri. Koma mtengo ndi mtengo, ukhoza kudzala wina. Mwana ungamudzale kuti?

Kutacha ananola chikwanje. Tamanda anatuluka atavala yunifolomu, n'kuima pakhomo.

"Ababa, mukudula mango athu? Si munati chaka chino tidya?"

"Adwala, mwanangu. Thamanga, uchedwa kusukulu."

Anadikira kuti mwanayo akhote pa ngodya ya tchalitchi, kenako anayamba. Mitengo yake inali isanakhwime, sinavute. Kha! Kha! Umodzi pansi. Maluwa ankamugwera m'mutu ndi m'khosi, iye osapukuta. Azimayi opita kumjigo anatula ndowa n'kumaonerera. Wina ananong'ona kuti ndi nkhanza zimenezi, koma ananong'ona basi.

Asanamalize n'komwe, Stella anali atayamba kukoka nthambi kupita nazo kuseri kwa khitchini yake, pansi pa maboloma aja.

"Alamu, zimenezo n'zofunika kuotcha, mphutsi zili momwemo," anatero Wyson.

"Ndiye pamoto sizikapsa? Zikauma ndiphikira. Nkhuni zavuta chaka chino."

Apo m'pamene Wyson anayamba kukayikira. Munthu woopa matenda angakokere nthambi zodwala pansi pa mango ake omwe?

Utagwa mtengo womaliza, Godwin anamuitanira pakhonde. Anamupatsa mpando, chinthu chimene anali asanachitepo chimwalirire Lettie.

"Mwagwira ntchito, alamu, ndinu mwamuna. Tsopano imvani. Abale tinakhala pansi, ndipo tagwirizana kuti Loweruka likubwerali tikusudzuleni. Mwalira mokwanira. Mukadali mnyamata, pitani mukapeze banja lina."

Wyson anaimirira, mpando n'kugwa chagada.

"Koma dzulo munati ndikadula…"

"Ndinati tizikhala bwino. Nanga tayambana? Chimene chinkatimanga manja ndi mitengo ija. Tikanakuchotsani ili chiimire, anthu akanati tamulanda mkamwini thukuta lake, mwinanso mukanatitengera kubwalo. Pano mwadula nokha, ndi chikwanje chanu, mudzi wonse ukuona. Chanu chatsala pano n'chiyani?"

"Mwana wanga."

"Tamanda ndi mbumba yanga, alamu. Tambala wobwereka sabwerera ndi anapiye."

Stella anaseka ali kukhitchini, chiseko chachitali, cha munthu amene wakhuta.

Wyson anapempha. Anagwada pansi, bambo wamkulu ndevu zili pepeya, n'kulonjeza kuti sadzadzalanso ngakhale phesi la chinangwa popanda chilolezo. Godwin ankangotokosa m'mano ndi kachitsotso, maso ali kumsewu.

Loweruka linafika. Akwawo a Wyson anabwera awiri kuchokera ku Limbuli, mwambo unachitika mwachangu ngati anthu akuthawa mvula, ndipo alendowo anatsogola pa minibasi. Wyson anamanga matiresi ndi chikwama pa njinga, n'kufunsa kuti Tamanda ali kuti, amutsanzike.

"Ndamutuma kuchigayo," anayankha Stella. "Ufa watha."

Wyson anakankha njinga mpaka pamphambano, pamene njira ya kuchigayo imakumana ndi msewu waukulu, n'kukhala pamwala. M'thumba anali ndi mandasi awiri amene anamugulira mwanayo m'mawa. Anadikira mpaka dzuwa linafika paliwombo, kenako linayamba kupendeka. Aliyense wosenza thumba akaonekera patali, iye ankaimirira.

Pomaliza panadutsa Rosie, mayi woyandikana nawo nyumba, atasenza ufa wake. Ataona matiresi pa njinga anaima, n'kuyang'ana pansi.

"Ngati mukudikira Tamanda, bambo, musavutike. Anafika kale kunyumba. Amayi ake aakulu anamuuza kuti pobwerera adzere njira ya kudambo."

Wyson anatulutsa mandasi aja, mafuta atalowerera pepala lonse, n'kuwapereka kwa Rosie.

"Mukamupatse pamene palibe anthu. Musakanene kuti achokera kwa ine, angamulande."

Kenako anakwera njinga, n'kuloza ku Limbuli.