Chaputala Naini cha a Dalaivala

Kompyuta yanga inafa Lachiwiri m'mawa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira tsikulo magazi amawira. Ine ntchito yanga ndi yotaipira anthu. Kashopu kanga kali kuseri kwa depoti ya mabasi, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa nsapato. Makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati, a maliro, zonse zimadutsa pa zala zangazi. Tsikulo ndinayatsa monga mwa masiku onse, koma m'malo mwa chithunzi cha ana anga, sikilini inangoti bii, m'kati mukumveka tiki, tiki, tiki. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinaiwomba khofi m'mbali. Tiki, tiki, tiki.

Za makalata a anthu sindinadandaule, amenewo munthu umataipanso. Chimene chinandidetsa nkhawa ndi buku la a Dalaivala.

A Dalaivala anali bambo wachikulire amene anayendetsa malole a maulendo ataliatali kwa zaka makumi anayi. Maso atayamba kuwavuta, ankabwera Lachiwiri lililonse n'kukhala pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi pulinta, iwo kumafotokoza za moyo wawo, ine kumataipa. Zaka ziwiri zathunthu! Panalibe pepala, zonse zinkachokera m'mutu mwawo. Ndiye mwezi wapitawo anagwa ndi sitiroko, mbali imodzi inafa, pakamwa panatsekeka. Mawu awo onse otsala padziko pano anali m'bokosi la tiki tikilo. Ndipo mwana wawo wamkazi, amene ndi nesi, anali atandiimbira kale kuti bukulo likufunika Loweruka, bambo ake alimve akadali moyo.

Ndinadzilimbitsa mtima. Si tili ndi fulashi yosungiramo mafayilo? Amuna anga, amene pakhomo timawatcha a Injiniya chifukwa anakonzapo ayironi kamodzi, ndi amene anadzipatsa udindo wosunga zinthu. Lamlungu lililonse ankadutsira ku shopu, kubaya fulashi, n'kutuluka akudziguguda pachifuwa. "Amayi, zonse ndasunga. Inu muzingotaipa, zaukatswirizi muzitisiyira ife."

Ndinanyamula bokosi lonselo pamutu mpaka kwa mayi wokonza mafoni ndi makompyuta, amene tonse timangomuti Mawaya. Anabaya fulashi yanga mu laputopu yake, n'kuyang'ana, n'kuyang'ananso.

"Asisi, muno mulibe kanthu."

"Mulibe kanthu bwanji? Si ilo likuonekalo? Buku la a Dalaivala!"

"Mukuona kamuvi kali pakonapa? Imeneyi si fayilo ayi, ndi kachikwangwani kolozera kumene kuli fayilo. Amene amakusungiraniyo amanyamula zikwangwani, nyumba kumazisiya."

Ndinaimba foni pomwepo, makasitomala a Mawaya akumva.

"A Injiniya! Zaka ziwiri mwakhala mukusunga chiyani?"

"Iii, amayi, bwanji kodi? Zinkakopeka bwinobwino, komanso mwachangu."

"Mwachangu! Buku lonse kukopeka musanaphethire, inu osadabwa? Ndi mutu womwewo umene mumavalira chipewa?"

"Koma mayina ankaoneka..."

Ndinadula. Ndikanapitiriza, ndikanatukwana mpaka apongozi anga amene sanandilakwire.

Mawaya anati disiki ya m'kati mwa kompyutayo ikufa, ndipo kuiyatsa kulikonse kunali kuipha, makamaka khofi lija. Anatulutsa fulashi yake m'kachitini ka mabatani. Anati muli sisitimu ina yoyendetsera kompyuta, yaulere, imene anthu anangopanga n'kugawira dziko lonse. Imadzuka kuchokera pa fulashi pomwepo osalembapo kanthu pa disiki yodwalayo, ndiye tingathe kukokolola zimene zatsala.

"Yaulere?" ndinafunsa. "Amuna anganso amandisungira mwaulere. Mwaona zotsatira zake."

"Ndiye muli ndi nzeru ina, asisi?"

Ndinamukankhira bokosilo. Anabaya, sikilini n'kudzuka, manambala n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono ngati mzere wa kuchipatala. Zinatenga mpaka Lachitatu madzulo. Mawaya anaika disiki ina m'bokosi langa, n'kuikamo sisitimu yaulereyo, n'kuthiramo zonse zimene anapulumutsa. Ndinatsala pang'ono kumukumbatira, mpaka nditaona zimene anapulumutsazo. Mafayilo oposa zikwi zinayi, ndipo palibe ndi imodzi yomwe yokhala ndi dzina lake. Manambala okhaokha, mulu umodzi.

"Mayina anapita," anatero Mawaya. "Muzitsegula imodziimodzi."

Lachinayi ndinatseka shopu n'kukhala m'kati. Anthu ankagogoda, ine kumakuwa kuti kulibe munthu. Sisitimu yatsopanoyo inandipsetsa mtima kuyambira pachiyambi. Chilichonse chili pamalo pena, ngati mlendo wakusanjira kukhitchini. Ndikafuna ichi, chikutseguka icho. Zala zimene zagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu zinasanduka za mwana wa sukulu. Koma chilungamo chake, sinaime ngakhale kamodzi, ndipo pulinta yanga yokalamba ija, imene kale inkafuna kuipempherera, inangoyamba kusindikiza osafunsa kanthu. Zimenezonso zinandikwiyitsa. Inali kuti zaka zonsezi?

Ndinatsegula fayilo, kalata ya munthu wofuna ulonda. Ina, pulogalamu ya ukwati umene unatha kalekale. Ina, chithunzi cha theka la nkhope ya mlamu wanga. A Injiniya anabwera ndi tiyi mu fulasiki, akuyenda ngati mphaka wonyowa.

"Ndithandizeko kutsegula, amayi?"

"Mukakhudza mbewa ya kompyuta imeneyi, muona chimene simunachionepo. Ikani tiyiyo pansi muzipita."

Pofika Lachisanu masana ndinali nditapeza machaputala khumi ndi chimodzi mwa khumi ndi awiri. Chotsalacho ndinachipeza kumapeto kwenikweni, mutu wake uli bwinobwino, Chaputala Naini, koma pansi pake timabokosi ndi tizilembo tachilendo masamba asanu ndi limodzi. Ndinathamangira kwa Mawaya. Anapukusa mutu. Pamalo pamene panakhala chaputala chimenecho ndi pamene disiki inayambira kuola.

Pa machaputala onse, chimenecho! Tsiku limene tinachilemba, mwana wawo uja, a Nesi, anali atawaperekeza bambo awo. A Dalaivala anawatuma kukagula mankhwala kutali dala, n'kundiuza kuti nditseke chitseko. Anafotokoza akulira, bambo wamkulu, mamina ali chuu. Pomaliza anati, "Mwanawe, izi mwana wanga akazipeze m'buku. Pakamwa ndalephera zaka zonsezi."

Nkhaniyo ndinkaikumbukira, ndiye ndinakhala pansi n'kuilembanso ndekha. Koma ndinaipaka mafuta. Ndinati munthu ali gone pabedi, ndikamuvule pamaso pa mwana wake? Ndinasindikiza, ndinamanga bukulo, osauza munthu aliyense.

Loweruka a Nesi anandipempha kuti ndikawerenge ndine, poti bambo awo anazolowera mawu anga. Chipinda chinali chaching'ono, bedi lachitsulo, fungo la sopo ndi mafuta opaka. A Dalaivala anali atatha, koma diso limodzi linali lamoyo, ndipo m'dzanja lawo labwino munali supuni.

"Akagogoda kamodzi pachitsulopa ndiye kuti eya," anatero a Nesi. "Kambirimbiri ndiye kuti ayi. Adadi, tiyambire chaputala choyamba?"

Ngwe ngwe ngwe.

"Chachiwiri?"

Anakana. Anakana mpaka a Nesi anafika pa naini. Ngwe, kamodzi.

Ndinatsegula n'kuyamba. "Chaka chimene mwana wanga anabadwa, ntchito inandipititsa kutali, ndipo ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi osaona banja langa."

Supuni ija inalira ngati belu la sukulu. Ngwe ngwe ngwe ngwe! Diso lija linali pa ine, lofiira, ndipo sindinaonepo munthu wopanda mawu akukalipa chotero. A Nesi anafuna kuwalanda supuni, iwo anakaniza.

Nanenso mtima unandipsa. Ndinapsera mtima disiki, amuna anga, timivi tija, ndi ine mwini.

"Chabwino! Chaputala chanu chinafa ndi kompyuta, bambo. Izi ndalemba ndine. Mukufuna ndinene mmene munanenera?"

Ngwe.

Ndinatseka bukulo. "Munati, palibe ntchito imene inandipititsa. Ndinathawa. Mwana anabadwa wodwaladwala, ankalira osaleka, ine ndinatopa. Tsiku limene amayi ake anagonekedwa naye kuchipatala, ndinanyamula chikwama n'kukwera lole."

Ngwe.

"Munati, ndinali ndi mkazi wina kumene ndinapitako. Amayi a mwana wanga ankamuuza mwanayo kuti adadi ali ku ntchito, ndipo anamwalira osaulula. Nditabwerera banja linandilandira, ine n'kumadya ulemu wa bambo wolimbikira ntchito."

Ngwe.

A Nesi anali ataima chilili pafupi ndi zenera, manja ali m'matumba a yunifolomu. Sanalire. Anangofunsa ndi mawu ouma, "Basi? Zathera pomwepo?"

Ngwe ngwe ngwe.

Sizinathere pomwepo, ndipo ndinkadziwa. Panali ndime yomaliza, mizere itatu kapena inayi, imene analankhula kwa mwana wawoyo mwachindunji. Koma wotaipa amamva ndi zala, osati ndi mutu. Tsiku lija pepala linali litakodwa mu pulinta, wina akugogoda pachitseko kufuna fotokope, ine zala zikungothamanga. Ndinati ndidzawerenga bwino pokonza. Si zinali zosungidwa?

"Munati andikhululukire?" ndinayesa.

Ngwe ngwe ngwe.

"Munati ndinalakwa? Munati ndimakukonda?"

Anakana. A Nesi anagwada pambali pa bedi n'kuyamba kuyesa nawo. "Adadi, mumafuna kunena za amayi? Za mkazi winayo? Kuli ana ena kumeneko? Mumafuna ndichite chinachake?" Supuni inkangokana, mphamvu zikuchepa, milomo ikugwedera osatulutsa kanthu koma malovu. Tinawapatsa cholembera, dzanja lamanzere linangokhwatcha mizere yokhotakhota. Kenako anaponya supuniyo pansi n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Anamwalira Lachitatu lotsatira. Bukulo ndinalisindikizanso, chaputala naini chili mmene ananenera, ndipo kumapeto kwake ndinasiya malo a mizere inayi opanda kanthu.

Sisitimu yaulere ija ndikugwiritsabe, ndinaizolowera. Zosunga ndimasunga ndekha, pa mafulashi awiri, ndipo fayilo iliyonse ndimaitsegula kuti ndione ndi maso anga kuti muli mawu. A Injiniya anapepesa mpaka kutopa. Ndinawakhululukira, koma akayamba zoti "zaukatswirizi", ndimangowayang'ana, iwo n'kukumbukira kuti ali ndi kopita.

A Nesi amadutsa pa shopu akamaweruka. Salowa, amangoima pakhomo ndi chikwama chawo.

"Asisi, ndimaganiza dzulo. Kodi sanati amanyadira kuti ndinakhala nesi?"

Ndikanatha kungoti eya, iwo n'kukapuma. Koma ndikatsegula pakamwa ndimamva supuni ija pachitsulo.

"Sindikudziwa, a Nesi."

Amagwedeza mutu n'kumapita kukakwera basi. Sabata yamawa adzabwera ndi funso lina.