Kochi wa Mwiza Atabwera Kudzamwa Tiyi

Kwathu mwana wako sumutama pamaso pa mlendo. Ngakhale atakhoza mayeso kuposa kalasi yonse, umangoti, "Aaa, kameneka? N'kaulesi." Mlendo amatsutsa, nonse n'kuseka, nkhani yatha. Mwambo umenewu ndinakula nawo, koma lero ndikangoumva mtima umandiwira.

Mwiza, mwana wa achemwali anga a Lois, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wamtali woti polowa m'basi ankaweramitsa mutu. Moyo wake unali basiketibolo. Kwa zaka zitatu ankalawirira m'mamawa, kukwera basi kuchoka ku Thamesmead mpaka ku Peckham, kuno ku London, kukaponya mpira asanalowe m'kalasi. Anatumiza mavidiyo a masewero ake kumakoleji ang'onoang'ono makumi anayi a ku America. Inayankha ndi imodzi yokha, kakoleji ka pakati pa minda ya chimanga, koti ngakhale aphunzitsi ake anali asanakamvepo. Koma kankapereka maphunziro, pogona ndi malo m'timu. Mwana analira ndi chimwemwe.

Kochi wa atsikana kumeneko, mayi wa imvi dzina lake Brenner, sanabise mawu: malo atsala amodzi, ofuna ndi awiri, Mwiza ndi mtsikana wina wa ku Spain. Kochiyo atabwera ku London kudzaonera mpikisano, Mwiza anagoletsa mpaka anthu kuimirira. Kochi anati asanasankhe afuna acheze kaye ndi banja, poti makolo ndiwo amadziwa khalidwe la mwana pamene palibe womuonerera.

Anabwera Loweruka masana. A Lois anakazinga mandasi, anandiitananso ine. Anauza Mwiza kuti amange chitenje, apereke tiyi atagwada, ndipo asayang'ane mlendo m'maso. Mtsikana amene pabwalo amalamula anzake mokuwa anangoti phee pakona ngati nkhuku yonyowa.

Kochi anatsegula kabuku n'kufunsa kuti Mwiza ndi wolimbikira motani.

"Uyu?" anatero a Lois m'Chingerezi chawo chosalala cha kuchipatala. "Ndi waulesi. Kuti adzuke, mpaka ndimukoke mwendo. Akayamba chinthu samaliza. Piyano anasiya, kwaya anasiya. Bondo lakenso limavutavuta, amangobisa."

Ine ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka, n'kuwonjezera kuti ngakhale mbale satsuka. Ndinkadikira kuti mlendo atsutse monga amachitira alendo onse, anene kuti ayi, mwana wabwino uyu. Sanatsutse. Anangolemba. Za bondo anafunsa kawiri, n'kulembanso. Mwiza atatsegula pakamwa, mayi ake anamuponyera diso, iye n'kutseka.

Patapita masiku anayi imelo inafika. Malo aja anapatsidwa kwa wa ku Spain. Kochi anati timu yake ndi yochepa, sangaike mtima pa bondo lokayikitsa ndi mwana wodzutsidwa ndi ena.

Mwiza Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi, ndipo tsiku limenelo Chingerezi chake chinamveka mpaka m'mafulati oyandikana nawo. Anaphwanya kapu, anawatchula mayi ake mawu oti sindingawabwereze. Ine ndinamutsatira kuchipinda. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti mayi ake sanafune zoipa, ndi mmene timayankhulira kwathu, mzunguyo ndiye sanamvetse. Ndinanena ndi mtima wonse, chifukwa nanenso ndinkakhulupirira choncho.

Lolemba m'mawa ndinawapeza a Lois pa siteji ya basi atavala yunifomu.

"Achemwali, tinalakwitsa," ndinatero. "Tiyeni timulembere kochi uja, timufotokozere kuti ndi culture yathu chabe. Za bondozo tipite naye kwa dokotala atipatse kalata. Mwina sitinachedwe."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe Dyna, usandiseketse. Twenty years ndili m'chipatala cha azungu. Ma reference a manesi a pa wodi yanga ndimalemba ndine. Ukuganiza sindidziwa kuti mzungu ukamuuza kuti waulesi, amalemba kuti waulesi?"



"Nanga bondolo?" ndinafunsa.

"Bondo lanji? Mwana uja sanadwalepo bondo chibadwire." Anakonza lamba wa chikwama paphewa. "Ine ndinatsanzika amayi ku Ntcheu kuti ndikupita zaka ziwiri zokha. Anamwalira ndili pa shift, ndikusambitsa mayi wa munthu wina. Iwe unali pambali pawo, sungadziwe. Wanga sapita kulikonse. Apange nursing konkuno, ndizimuona."

Basi inafika. Ataponda phazi limodzi pakhomo anatembenuka.

"Komatu unandithandiza. Za mbale zija zinakhala bwino."

Ndinatsala ndekha pa sitejipo. Sabata yonse ndinkalumbira kuti ndimuuza Mwiza. Ndinkatenga foni, n'kuibwezanso m'thumba. Ukauza mwana kuti mayi ako anakutchera msampha dala, umubwezera chiyani? Koleji yapita kale, ndiye ndimulandenso mayi? Ndinkadzinamiza choncho, koma zoona zake n'zakuti achemwali anga ndimawaopa kuyambira ndili mwana.

Lamlungu titachoka kutchalitchi tinakhala pabalaza kwa a Lois. Mwiza anatuluka kuchipinda maso atatupa, m'manja atanyamula mafomu a sukulu ya unamwino. Anakhala pambali pa mayi ake, n'kutsamiritsa mutu wake paphewa pawo.

"Pepani amayi," anatero m'Chichewa chake chopunduka, chimene sachiyankhula kawirikawiri. "Ndinakutukwanani. I know you didn't mean it. Anti Dyna anandifotokozera zonse."

A Lois anamusisita tsitsi pang'onopang'ono, maso ali pa ine.

"Anti ako sanama," anatero.

Mwiza anadzutsa mutu n'kundimwetulira mothokoza. Nanenso ndinamwetulira.