Mizere Itatu Imene Duván Anaikana

Mkulu wanga Duván anamukweza pa udindo atamwalira kale. Pa tsiku lomaliza la mapemphero a maliro kunyumba kunabwera kaputeni wa nsapato zonyezimira, atanyamula kabokosi kofiira. Anaima pakati pa mipando yobwereka n'kuwerenga pepala loti Kopolo Duván Quintero tsopano ndi sajeni. M'kabokosimo munali kachitsulo ka mizere itatu, chizindikiro cha usajeni. Bambo anakalandira ndi manja awiri. Mayi anamupatsa kaputeniyo khofi ndi arepa, kamkate ka ufa wa chimanga, iye n'kudya ndithu, mpaka kunyambita zala.

Ine ndinatuluka kukaima kuseri kwa nyumba kuti ndisatukwane pamaso pa alendo.

Duván anaukana usajeni kawiri ali moyo. Ntchito yake inali kuyenda patsogolo pa gulu ndi galu wake Canela, wonunkhiza mabomba okwirira pansi. Canela akamva fungo la bomba ankakhala pansi, gulu lonse n'kuima. Duván akanavomera maphunziro a usajeni, galuyo akanapatsidwa kwa wina, iye n'kukakhala mu ofesi ku likulu. Pa tchuthi chake chomaliza ndinamufunsa tikusenda chinangwa pakhonde.

"Achimwene, anzanu onse akukwera. Inu mukuopa chiyani?"

"Iwe wa kukoleji, tamvera. Sajeni amauza anthu kopita. Ine ndimawauza poponda. Ndikachoka kutsogolo aikapo kamwana koti Canela akakhala pansi kaziti watopa."

"Ndiye mudzafera ukopolo?"

"Ndidzafera ukopolo. Udzalembe choncho, poti kulemba umatha."

Anaseka n'kundigenda ndi khungu la chinangwa.

Anafa ndi bomba mu Marichi, pa kanjira ka m'phiri, mvula itagwa masiku anayi. Amene anali kumbuyo kwake palibe anavulala. Canela anapulumuka. Iyeyo sanamukweze.

Mwezi womwewo ndinasiya koleji. Ndinkakhala m'kalasi, mphunzitsi akulankhula, ine ndikungoyang'ana pamene anthu akuponda.

Patatha masabata asanu bambo anandiitana. Iwo anakhalapo msilikali zaka ziwiri ali mnyamata, n'kutuluka opanda mzere ndi umodzi womwe, ndipo chilonda chimenecho sichinapole. Anandipatsa pepala lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu.

"Wilmer, poti ulibe chochita, pita nalo kwa a Heriberto akasemere mwala wa pamanda. Usasinthe kanthu."

Papepalapo panali: SAJENI DUVÁN QUINTERO.

A Heriberto ndinawapeza ali mbuu ndi fumbi la miyala, wailesi ikulira pa alumali. Anawerenga pepalalo atalitalikitsa ndi maso.

"Sajeni! Bambo ako ayenda chotukumula chifuwa."

"Mulembe Kopolo."

"Apa palembedwa Sajeni, mwana iwe. Maso anga ndi okalamba koma sanafe."

"Mwini wake anakana. Kawiri. Ayembekeza kuti atseke pakamwa ndiye amupachike chimene anachikana?"

Anazimitsa wailesi. "Ukudziwa kuti mwala si bolodi ya kukoleji kwanu? Palibe chofufutira."

"N'chifukwa chake ndabwera ndekha."

"Bambo ako Eliécer akabwera kuno ndi chikwanje ndidzaloza iwe."

"Mudzaloze."

Lamlungu lotsatira tinapita kumanda atatu, bambo, mayi ndi ine. Kwathu maliro timaika m'mapanga a m'chipupa, osati m'nthaka. Duván ali m'chipupa cha kum'mawa, m'phanga la mzere wachitatu kuchokera pansi, poti munthu wamtali amafikira osakwera makwerero. Bambo anavala jekete la ukwati wawo, kabokosi kofiira kali m'thumba. Womanga anali atamata kale mwala pakamwa pa phangalo, simenti ya m'mbali ikadali yaiwisi, pamwamba ataphimba ndi nyuzipepala. Bambo anaichotsa okha.

Anawerenga. Anawerenganso milomo ikugwedera. Kenako anatembenuka, ndipo khofi lawo linanditera patsaya, ndinalimva mpaka m'mano.

"Galu iwe! Ndinati chiyani?"

"Eliécer, pamanda pano," mayi anatero.

"Akhale manda! Boma lamupatsa mwana wanga ulemu, chitsiru ichi n'kukaufufuta. Iwe ndiwe ndani? Unamaliza chiyani iwe? Nyumba yanga ndi ya anthu othawa kukwera basi, wina usajeni, wina koleji!"

"Ulemu wanjinso?" Ndinakuwa mpaka amayi ena amene ankasintha maluwa pa mzere wapansi anadzuka n'kuchoka. "Anawauza kuti sakufuna. Anakuuzani inunso pa tebulo, munamenya mbale. Ali moyo palibe anamumvera, lero wafa mwapeza mpata. Mizereyo mukuifuna ndinu, bambo. Isokereni pa jekete lanulo!"

Ndinayembekeza khofi lachiwiri. Silinabwere. Bambo anangondiyang'ana, ndipo mawu awo anatsika.

"Akanavomera, bwenzi lero ali mu ofesi, akudandaula za mapepala, mimba itayamba kutuluka. Bwenzi akubwera pa Khirisimasi kudzadya chinangwa cha mayi ako. Ukopolo ukuunyadirawo ndi umene wamuika m'chipupa muno. Unamufunsa kamodzi n'kuseka naye. Ine ndinamupempha chogwada."

Zimenezo ndinali nditaziganiza ndekha tsiku lililonse chiyambire Marichi. Ndinkangofuna kuti asazinene munthu wina.

"Nanga anyamata asanu ndi anayi amene anali kumbuyo kwake?" ndinatero pomaliza.

"Amenewo ali ndi abambo awo."

Anatulutsa kabokosi, n'kuchotsa kachitsulo ka mizere itatu. Anakakanikiza ndi chala chachikulu mu simenti yaiwisi, pansi penipeni pa mawu oti KOPOLO, mpaka kanalowa. Kanakhala kopendekeka pang'ono. Anapukutira chalacho pa jekete la ukwati.

Womanga uja, amene nthawi yonseyi ankanamizira kutsuka ndowa, anatsokomola. "Bwana, ikauma sikachokanso kameneko. Ngati pali wofuna kusintha maganizo, ndi pano."

Ndinasendera pafupi. Bambo anasenderanso, phewa lawo n'kugunda langa. Dzanja langa linali lotalika kuposa lawo, ndipo akanati agwire, ndikanawaposa mphamvu. Tonse tinkadziwa zimenezo. Ndinayang'ana chala chawo chija, simenti italowa m'chikhadabo, ndipo dzanja langa sindinalitambasule.

Mayi anathira madzi m'kabotolo ka maluwa, n'kukhala pa benchi osayang'ana aliyense wa ife.

Tinaima pamenepo, ine kulondera mawu, bambo kulondera kachitsulo, dzuwa likutiwotcha m'khosi. Womanga anatopa n'kunyamuka. Belu la Misa ya masana linalira. Patapita nthawi bambo anagogoda simenti ndi chikhadabo, inalira gwa. Anavala chipewa n'kuyamba kuyenda osandiitana.

Ndisanawatsatire ndinayesa kukawongola kachitsulo kaja ndi chala, kuti mwina kangokhala bwino. Kanakana.