Dzanja la Telala

Nazithunzi anafufutanso dzanja limene ankajambula mpaka pepala linabowoka. Linali Lachisanu masana, ndipo gawo latsopano la nthano yake ya zithunzi limayenera kukhala litatuluka kale pa intaneti.

Mlongo wake, amene ankajambula mapepalawo ndi foni n'kuwatumiza kwa mwini tsamba la pa intanetilo, analowa osaodira.

"Asisi, mwini tsamba waimbanso. Akuti gawoli likapanda kufika lero, Lachisanu lanu apatsa wina."

"Umuuze mawa."

"Mawa wake uti? Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwaona zimene owerenga akulemba? Wina akuti, 'Kodi telala wathuyu anaba chiyani, poti manja sachoka m'thumba?' Wina akuti mwina ali ndi mphere."

Nazithunzi sanaseke. Nthano yakeyo inali ya telala wokalamba wosokera pakhonde la sitolo. Nkhope ankatha kujambula ngakhale atatsinzina, koma manja ankamukanika. Chiyambire, ankakhazika bambo ake, amenenso anali telala, patebulo lapabalaza. Iwo ankagwira sizasi kapena singano, iye n'kumakopera. Bambowo atadwala sitiroko, dzanja lawo lamanja linafumbata osatambasukanso. Kuchokera pamenepo telala wam'nthano anayamba kupisa manja m'thumba, kuwabisa kumbuyo, kuwafunditsa nsalu. Mobisa mutatha, magawo anayamba kuchedwa. M'gawo la lero telalayo amayenera kudula diresi laukwati la mwana wake, ndipo munthu sadula nsalu manja ali m'thumba.

"Koperani langali," anatero mlongoyo akutambasula zala.

"Losalala ngati la mwana wasukululo? Owerenga si ana. Dzanja lija amalidziwa, ndi chipsera chake chomwe."

Kuchipinda kunamveka kugogoda kwa ndodo. Bambo anatuluka akukoka mwendo, n'kudzigwetsa pampando wawo wakale.

"Makoma a nyumba ino sasunga chinsinsi," anatero. "Ndamva kuti ndili ndi mphere."

"Si inu, ababa. Akunena wam'nthano."

"Nanga wam'nthanoyo manja anawabwereka kwa ndani?"

Ananyamula dzanja lodwalalo ndi linzake n'kuliika patebulo ngati katundu wa eni. Zala zinali zitapindikira m'kati, khungu litatuwa. Chipsera chija chinali pomwepo, pachala chachikulu.

"Umalisambitsa m'mawa uliwonse maso ali kudenga. Lero uliyang'ane."

"Ababa, gawoli likufuna munthu wodula diresi."

"Adule mwana wakeyo. Anakulira pansi pa makina osatolapo kanthu? Mkuluyo aziloza ndi lamanzere n'kumakalipa. Kukalipa sikufuna zala."

Mlongo uja anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mchemwali wake anameza phwetelo.

Nazithunzi anayang'ana mapepala amene anali atamaliza kale. Pa lililonse telala anali ataima chilili, wamphamvu, manja m'thumba. Anawasonkhanitsa n'kuwatembenuza chafufumimba.

"Zikatero ndiyambiranso zonse. Lero sizingatheke."

"Asisi, Lachisanu lipitatu. Tsiku limenelo ndi lomwe anthu amawerenga."

"Muimbire. Usamunamize kuti magetsi anazima, bodza limenelo latha ntchito. Umuuze kuti gawo lichedwa, basi."

Mlongoyo anatuluka ndi foni. Kudzera pawindo Nazithunzi ankamumva akuchonderera, kenako akungoti, "Chabwino, bwana. Ndamva, bwana." Pobwera anaima pakhomo.

"Lachisanu wapatsa mnyamata wojambula za mpira uja. Inu akuti Lachiwiri, ngati mukufuna."

"Lachiwiri," anatero Nazithunzi, ngati akulawa mankhwala.

Anatikita m'maso, n'kusongola pensulo. Anakokera mpando pafupi ndi tebulo, pamalo pamene ankakhala kale, n'kuyala pepala latsopano.

"Ababa, musaligwedeze."

"Ukanakhala ndi mwayi wotere kale," anatero bambowo. "Masiku ano limamvera."